Kava ya njinga yamoto yogona panja ku Dedza: kuyambira Okutobala mpaka Julayi

Njingayi ndi ya 150cc, mtundu womwe amakabaza ambiri akuyendetsa mu M1 pakati pa Dedza ndi Lizulu. Ili ndi tcheni wamba, mabuleki a dilamu ndi keliyala yachitsulo kumbuyo. Imagona kuseri kwa nyumba pafupi ndi pa boma, chifukwa khomo ndi lopapatiza ndipo pakhonde sikwana. Ntchito inali yoti idutse dzinja ndi nyengo yachisanu osadyedwa ndi dzimbiri, penti osasuluka, mpando osang'aluka. Mitengo yalembedwa monga tinalipirira tsiku limenelo. Kwacha sikhala malo amodzi, ndiye ingokhala yoyerekezera.

Tauni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Usiku kumazizira ngakhale miyezi imene kwina akugona osafunda, ndipo mame amagwa ambiri. Zambiri zimene zinavuta pantchitoyi zachokera pamenepa.

8 Okutobala

Tinayamba ndi pepala lakuda lomwe amayala pansi pa udzu pofolera nyumba. Mamita 4 pa K1,500 mita imodzi, zonse K6,000. Tinalipinda pawiri, n'kulifunditsa, n'kumanga ndi mphira ya chubu pa mahandulo ndi pa keliyala. Fumbi linaleka kufika pa mpando.

19 Okutobala

Pepala latha ntchito m'masiku 11. Tsiku lachitatu linafunditsidwa njinga itangozimitsidwa, ndipo pamene linakhudza paipi ya ekizozi linasungunuka n'kumatirira. Pulasitiki wotereyu amasungunuka kutentha kukangopitirira pang'ono pa madzi owira, pamene paipi yotuluka mu injini imatentha kangapo kuposa pamenepo. Zomatirirazo tinazichotsa politsa injini mphindi ziwiri kuti zifewe, kenako n'kupala ndi kamtengo kosongola. Mpeni ukanakanda chitsulo, dzimbiri n'kupeza polowera.

Kwinako lang'ambika pa magalasi ndi pa ngodya za keliyala. Dzuwa la Okutobala limaumitsa pepala, likauma limathetheka mphepo ikangoligwedeza. Lakuda limatenthetsanso mkati kwambiri masana, moti fungo la petulo limamveka pofundukula. Kuyambira pano kampopi ka petulo kazitsekedwa nthawi zonse tisanafunditse, ndipo injini izipuma mphindi 40. Kuyesa kwake n'kuyandikitsa kunja kwa dzanja pa ekizozi. Ngati mukumvabe kutentha, dikirani.

3 Novembala

Tagula tenti ya buluu yoyanikira chimanga, mamita 3 kwa 4, pa K22,000. Ndi yaikulu moti yaphimba njinga yonse n'kufika pansi mbali zonse. Tapsinja m'mphepete ndi njerwa 10 kuti mphepo ndi madzi zisalowe. Pooneka yatseka bwino zedi.

24 Novembala

Mvula yagwa kanayi, dontho silinadutse tenti. Koma njinga itakhala masiku anayi osayenda, tafundukula m'mawa n'kupeza ili chonyowa ngati yagona pamtetete. Mkati mwa tenti munali madontho okhaokha, ena akugwera pa thanki. Tcheni chafiira ndi dzimbiri, masipoko ayamba mawanga, zomangira za mahandulo zafiira mitu, ndipo buleki ya kumbuyo inagwira pang'ono poikankha mpaka inamveka kuti "tha!" itamasuka. Pa mipope yonyezimira ya mashoko akutsogolo panali timadontho ta dzimbiri tating'ono ngati mchenga.

Madziwo sanachokere kumwamba. Dothi la pansi linanyowa ndi mvula yoyenda pansi, masana dzuwa likawomba tenti, chinyezi chimakwera ngati nthunzi, n'kusowa potulukira chifukwa tinatseka ndi njerwa. Usiku tenti ikazizira nthunzi ija imasanduka madontho, chimodzimodzi chivundikiro cha poto wa nyemba. Mawa lake ziyambiranso. Njinga ya mnzathu wapafupi, yomwe imangogona pansi pa denga la kachisakasa kopanda zipupa, inalibe dzimbiri ngakhale imawazidwa mvula ya mphepo, chifukwa ikanyowa imauma.

Timadontho ta pa mashoko ndi timene tinatidetsa nkhawa kuposa tcheni. Dzimbiri likakumba timaenje pamenepo, mpope ukamalowa ndi kutuluka umadula mphira yotsekera oyilo, shoko n'kuyamba kudontha. Tinapukuta ndi kapepala konyezimira ka m'paketi konyowetsa ndi oyilo, mopepuka, mpaka chala chosamvanso kukhakhala. Tcheni tinatsuka ndi palafini ndi mswachi wakale, n'kuchiumitsa, n'kuthira oyilo wa giya wa SAE 90. Oyilo wakuda wokhetsa mu injini ambiri amathira, koma ndi wopyapyala, amathawa msanga ndipo amakhala ndi zinyalala zachitsulo. Palafini lita imodzi K3,000, oyilo wa giya K5,000.

Tenti tayipinda m'munsi kuti isafike pansi pomwe tikukonza zenizeni.

1 Disembala

Tisanasoke kava tayamba ndi pansi. Malo ndi mamita 2.4 kwa 1.2. Tachotsa udzu ndi dothi lapamwamba, tasalaza mopendekera pang'ono kuchoka ku chipupa, masentimita 3 pa mita iliyonse, n'kutsendera ndi chipika. Pamenepo tayala zotsala za pepala lakuda lija, pamwamba pake mchenga wa kumtsinje masentimita 5, kenako njerwa zootcha zogoneka, zothinana, mipata yake yodzaza mchenga. Simenti sitinaike. Kumtunda kwa malowa takumba kangalande kakuya masentimita 15 kopatutsa madzi ochokera padenga.

Njerwa 120 pa K80 imodzi ndi K9,600, mchenga mawilibala atatu K3,000. Zonse K12,600.

Chimodzi chinalakwika pomwepo. Phazi la sitandi ya pambali linagwera pa mpata wa njerwa ziwiri n'kuzitsegula, njinga n'kupendama kwambiri. Taikapo kachitsulo kafulati kotsala kwa owotcherera, masentimita 15 mbali zonse, pamalo pomwe sitandi imaponda.

9 mpaka 14 Disembala

Kava yogula yosokedwa kale ilipo m'mashopu a sipeya, koma zomwe tinaona ndi zopyapyala, zopanda potulukira mpweya, ndipo sizinapangidwire keliyala yotalika ngati ya kabaza. Tinasankha kusoketsa, ndi nsalu za mitundu iwiri. Pamwamba, pamene mvula imamenya, tenti yakale ya lole, yokhuthala ija yosalowa madzi. M'mbali nsalu ya kanivasi ya thonje. Kanivasi imapuma, ikanyowa ulusi wake umafufuma n'kutseka mipata, ikauma imatulutsa chinyezi. Ikakhudza ekizozi yofunda siyisungunuka, ngakhale yotentha kwambiri ingaiwaule. Kava yonse ya tenti ya lole ikanatibwezera ku vuto la Novembala, komanso ikanalemera moti munthu akanayamba ulesi woifunditsa.

Muyeso tinatengera pa njinga yeniyeniyo, itaima pa sitandi ya pambali, mahandulo atakhotera kumanzere monga amakhalira ikakiyidwa, magalasi atatembenuzidwira mkati. Mukayeza mahandulo ali chiongokere, kava idzathina mbali imodzi n'kulendewera inayo. Tinayamba tadula chitsanzo pa mapepala a matumba a simenti olumikiza, n'kuyesa pa njinga, tisanakhudze nsalu.

Chidutswa cha pamwamba chinatuluka masentimita 290 kutalika, kuchokera pa madigadi akutsogolo, kukwera pa nyali ndi mahandulo, kutsika pa thanki, mpando, mpaka kuseri kwa nambala. M'lifupi ndi masentimita 90 pa mahandulo, kuchepa mpaka 50 kuyambira pa mpando. Zam'mbali ziwiri ndi masentimita 215 kutalika, 95 msinkhu kutsogolo, 70 kumbuyo. Paliponse tinaonjezera masentimita 2 a msoko ndi 4 a mpendero wa m'munsi. Kava ikavala imalekeza masentimita 15 pamwamba pa njerwa. Mpata umenewu ndi wadala, mphepo izilowera pansi.

Telala woyamba, wa makina opalasa ndi phazi osokera madiresi, anathyola singano ziwiri pa tenti ya lole n'kutibwezera. Ntchitoyi ndi ya osoka mipando ya galimoto ndi ya njinga, omwe makina awo amakoka nsalu yokhuthala. Tinawauza zinthu zitatu. Ulusi ukhale wa polyester wokhuthala, chifukwa wa thonje umaola ndi mvula ndipo wa nayiloni umafooka msanga ndi dzuwa. Misoko ikhale yotalikirana, mamilimita 5 kapena 6, chifukwa yothinana imaboola tenti mzere umodzi n'kung'ambika potsatira mabowowo ngati lisiti la m'buku. Chidutswa cha pamwamba chikhale pamwamba pa zam'mbali monga malata amasanjikizirana padenga, kuti madzi azitsetsereka osalowa mumsoko.

Potulukira mpweya tinaboola malo awiri, masentimita 10 kwa 15, m'mbali pansi penipeni pa nsonga za mahandulo, pomwe ndi pamwamba kwambiri pa kava, poti mpweya wofunda umakwera. Pabowo lililonse tinasokerapo sefa ya pazenera, kunja kwake kachipewa ka tenti kosokedwa pamwamba ndi m'mbali, kotseguka pansi. Kuti kachipewako kasamatirire pa sefa, tinalowetsa kachidutswa ka paipi ya madzi mumpendero wake.

Mkati, pamene kava imagona pa thanki, nyali ndi mita yoonetsa liwiro, tinasokera nsalu yakale ya pabedi ya thonje. Bulangete musaike. Limamwa madzi n'kuwasunga pa penti sabata yonse.

M'munsi muli timphete tachitsulo tomangira 8, tinayi mbali iliyonse, paliponse pali chigamba cha tenti mkati ndi kunja. Kamphete koikidwa pa nsalu imodzi kamazuka tsiku loyamba la mphepo. Pafupi ndi tayala lakutsogolo pali mabowo awiri aakulu opendera, odutsitsa unyolo ndi loko, kuti wofuna kava ayambe walimbana ndi unyolo.

Tenti ya lole mita imodzi kwa mamita 3: K15,000
Kanivasi mamita 4.5: K18,000
Ulusi: K2,500
Timphete 8: K2,400
Sefa: K1,500
Chubu chakale chodula mphira: K1,000
Osoka: K12,000
Zonse: K52,400

22 Disembala

Patatha sabata ya mvula, mkati ndi mouma, tcheni chikadali chakuda ndi oyilo. Koma madzi akudikha pakati pa thanki ndi mpando, pamene kava imabonthoka, pafupifupi malita awiri, ndipo pofundukula amakhuthukira pa injini. Chigubu chopanda kanthu cha malita 5, chogoneka pa mpando kutsogolo kava isanavale, chakweza pamenepo n'kupanga msana. Palibe ndalama yalowa.

5 Januwale

Njinga yagwa usiku ndi mvula ya mkuntho. Yagwera kumanja, liva ya buleki yathyoka, galasi lasweka. Liva K6,000, galasi K7,500.

Njinga yovula mphepo imaidutsa m'masipoko ndi pansi pa thanki. Yovala kava imakhala ngati chitseko choimika pabwalo. Tinaiimika mbali ya sitandi, ya kumanzere, itayang'ana kumunda komwe kulibe chotchinga. Mphepo inaikankha kuchoka pa sitandi, n'kuiongola, n'kuipitiriza mbali inayo komwe kulibe mwendo. Chinaonjezera n'choti mphira tinangomanga ziwiri, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, pakati pakufufuma ngati thumba.

Tsopano yatembenuzidwa, kumanzere kuli kuchipupa, kuti mphepo yochokera kumunda iziikanikizira pa sitandi. Imasiyidwa mu giya wani kuti isagubuduke n'kupinda sitandi. Ena amati sitandi ya pakati ndiyo yolimba, koma pa mphepo ya m'mbali miyendo yake ili pafupi kwambiri, pamene ya pambali pamodzi ndi matayala awiri imaponda malo otambalala. Mphira zakhala zinayi, ziwiri zikudutsa pansi pa injini ndi pansi pa mpando. Takumbiranso mtengo wa bulugamu masentimita 60 pansi, kumbali ya chipupa, ndipo chingwe chimachoka pa keliyala kukamanga pamenepo. Mphira ya chubu ndi yabwino kuposa chingwe pa timphete, chifukwa imatamuka mphepo ikakoka m'malo mozula kamphete.

26 Januwale

Msoko wa kumanja wayamba kudontha pamwamba pa thanki, m'mabowo a singano. Tadula timizere ta tenti yotsala, masentimita 4 m'lifupi, tapukuta bwino mkati mwa msoko, tapaka guluu wa osoka nsapato mbali zonse ziwiri, tadikira mphindi 10 mpaka wosamatanso ku chala, n'kumata ndi kupsinja ndi botolo. Pa misoko ya kanivasi takhutiza kandulo n'kuyanika padzuwa kuti phula lilowe. Guluu K3,500, kandulo K500. Guluu ameneyu sagwirizana kwenikweni ndi tenti ya lole, pakapita nthawi amafewa, ndiye tikuyembekezera kudzabwerezanso.

16 Febuluwale

Njinga inaima masiku 9 osafundukulidwa. Makoswe alowa. Adya siponji yosefa mpweya, amanga chisa pansi pa mpando ndi zidutswa za nsalu ya mkati mwa kava, ndipo aluma waya wa indiketa ya kumbuyo. Chizindikiro chinali injini kulira mosakhazikika ndi fyuzi kupsa poyatsa indiketa. Aliyense amene njinga yake yaima masiku angapo atsegule bokosi la siponji asanalize injini, chifukwa zinyenyeswazo zimakokedwera mu kabuleta.

Pansi pa kava ndi pouma, pamdima, mphaka safikapo, ndiye khoswe sangapakane. Tasenga udzu mita imodzi kuzungulira, tachotsa mulu wa nkhuni womwe unali pafupi, tamangirira sefa yachitsulo pakamwa pa bokosi la mpweya, ndipo tatchera msampha pansi pa injini. Mankhwala a makoswe tawakana chifukwa cha nkhuku ndi agalu a pakhomo. Siponji K4,000, msampha K1,500. Waya walumikizidwa ndi kukulungidwa tepi.

Kanivasi nayo yachita nguwi m'munsi, mbali ya chipupa komwe dzuwa silifika. Tachapa ndi burashi ndi madzi okha, n'kuyanika tsiku lonse. Sopo wa ufa amachotsa phula ndi mankhwala omwe nsaluyo inabwera nawo, ikatero imayamba kumwa madzi. Njinga taisendeza kuti pakati pa kava ndi chipupa pakhale masentimita 40.

Lamulo lawonjezeka: njinga ikabwera yonyowa kapena yamatope, ipukutidwe kaye ndi kuuma pomwe injini ikuzizira. Ngati mvula ikugwabe, ifunditsidwe, koma m'mawa ivulidwe.

20 Epulo

Mvula yatha. Kava yachapidwa, timphete tonse tilipo, mphira ziwiri zasinthidwa chifukwa zinang'aluka ndi dzuwa. Ndalama zonse kufika pano ndi K124,000. Mwa zimenezi K28,000 inapita pa pepala ndi tenti ya buluu, K13,500 pa kugwa kuja. Tenti ya buluu yabwerera ku ntchito yake yoyanika chimanga.

14 Juni

Tinkayesa kuti dzinja likatha nkhani yatha, koma Juni wa ku Dedza wabweretsa madzi ake. Masiku a chifunga, pamene phiri la Dedza silioneka mpaka dzuwa litakwera, mpweya wokhawo ndi wonyowa, ndipo umalowa m'mipata yomwe tinasiya dala. Usiku wopanda mitambo, tenti ya pamwamba imazizira kuposa mpweya, mkati mwake n'kuchita madontho pang'ono ngakhale mabowo ali otseguka. M'mawa kunja kukayamba kufunda, injini ndi thanki zimakhala zikadali zozizira, ndiye chinyezi chimatera pa chitsulo monga pa botolo lochokera mufiriji. Kava imachedwetsa chitsulocho kufunda.

Apa palibe chosoka. Dzuwa likangotuluka kava ichoke, itembenuzidwe, iyanikidwe pa chingwe, ngakhale njinga isakupita kulikonse. Pa masiku atatu otsatizana omwe sitinavule, dzimbiri lopyapyala linabwerera pa masipoko akumbuyo.

Chinyezi chomwechi chimachitikanso mkati mwa thanki. Thanki ya petulo wochepa imakhala ndi mpweya wambiri, makoma ake amachita madontho, madziwo amatsikira pansi poti ndi olemera kuposa petulo, n'kukafika mu kabuleta. Injini inayamba kudukiza m'mawa. Tinatseka kampopi, n'kumasula sikuluwu ya pansi pa kabuleta, n'kukhetsera m'kabotolo koonekera, ndipo pansi pake panakhala timadontho ta madzi. Njinga ikati iime masiku, ndi bwino thanki ikhale yodzaza, ngati thumba lalola.

Batire nalo limafooka ndi chisanu. Pa mita yoyezera magetsi linaonetsa mavoti 12.2 m'mawa, pamene lodzaza limakhala cha pa 12.6. Mitu yake inali ndi ufa woyera. Tachotsa waya wa nekativu poyamba, tatsuka ndi madzi ofunda a soda, taumitsa, tamanga, n'kupaka Vaseline pamwamba. Mipope ya mashoko, masipoko ndi mitu ya zomangira zikupukutidwa ndi kansanza ka oyilo kamodzi pa sabata. Oyilo asayandikire madilamu a buleki ndi matayala.

19 Julayi

Mphepo ya mwera yabwera ndi fumbi, ndipo fumbi lalowa mu nsalu ya mkati. Kava ikamagwedezeka usiku wonse, nsalu yafumbiyo imakhala ngati sandipepala. Pa mapewa a thanki, mbali zonse ziwiri, penti wachita mbuu malo aakulu ngati chikhatho. Polishi wabwezeretsa kuwala pang'ono, koma mikwingwirima ikuonekabe padzuwa. Kulakwa kunali kusokerera nsaluyo ku kava, chifukwa siingachapidwe payokha. Taisomola, ndipo thanki tsopano ikuvala kansalu kakekake kokhala ndi lasitiki m'mphepete, komwe kamagwira thanki osasuntha, kava n'kumakhuzana ndi kansaluko. Tili nato tiwiri tosinthana, kena kakachapidwa kena kali pa njinga. Thanki ipukutidwe ndi nsalu yonyowa isanavale, osati youma.

Ngodya ya kumanzere ya keliyala yaboola tenti, bowo lolowa chala. Tamata chigamba mkati ndi kunja, ndipo pa ngodya zonse ziwiri taveka paipi ya madzi yong'amba m'litali, masentimita 12, yomanga ndi mphira. Nsonga za maliva taziveka zidutswa za chubu cha njinga yakapalasa.

Mzere wa guluu wa Januwale wayamba kumatuka masentimita 20 kutsogolo. Mvula ikadali kutali, ndiye tausiya mpaka Okutobala, pomwe tidzamatule wonse n'kuyesa guluu wopangira tenti ya lole yeniyeniyo, yemwe okonza matenti ku Lilongwe amagwiritsa ntchito. Mabowo a mpweya nawo tidzawakulitsa kufika masentimita 12 kwa 20, ndi kuboola lachitatu kumbuyo pansi pa keliyala, chifukwa masipoko akumbuyo ndi amene akuyambabe kufiira.